Mafunso ndi mayankho: kupeza equation ya mzere wowongoka kuchokera pa gradient ndi intercept

Mafunso ali pansipa ndi amene amavuta ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 akafika pa mutu wa coordinate geometry, komanso akuluakulu amene akubwereza mayeso a MSCE. Mawu ngati gradient, intercept ndi equation tawasiya momwe alili, chifukwa ndi amene mudzawapeze pa pepala la mayeso. Werengani muli ndi pensulo, rula ndi pepala la galafu pafupi, ndipo samu iliyonse muziiyesa nokha musanaone yankho.

Kodi y = mx + c imatanthauza chiyani kwenikweni?

Mzere wowongoka umadziwika ndi zinthu ziwiri zokha: pamene wadutsa, ndi mmene wapendekera. Mukadziwa ziwirizi, palibenso mzere wina umene ungafanane nawo.

Chilembo c chimanena pamene mzerewo wadula y-axis, mzere woimirira uja. Pamalo amenewo x amakhala 0, choncho poyinti yake ndi (0, c). Imeneyi ndiye y-intercept. Chilembo m ndi gradient: chimanena kuti y akwera kapena atsika motani nthawi iliyonse x akawonjezeka ndi 1. Zilembo x ndi y sizichoka mu equation, zimakhala momwemo, chifukwa zikuimira poyinti iliyonse ya pamzerewo. Zimene mumasintha n'kuikapo manambala ndi m ndi c basi.

Taonani y = 2x + 3. Pamene x ndi 0, y ndi 3. Pamene x ndi 1, y ndi 5. Pamene x ndi 2, y ndi 7. Tayambira pa 3, ndipo sitepe iliyonse tikukwera ndi 2. Amene wamvetsa zimenezi safunikanso kuloweza zambiri pa mutu wonsewu.

Andipatsa gradient ndi y-intercept. Ndiyambire pati?

Lembani kaye y = mx + c, kenako ikani manambalawo m'malo mwake. Gradient ikakhala 3 ndipo y-intercept ndi 5, yankho ndi y = 3x + 5. Y-intercept ikakhala −7 ndipo gradient ndi 2, mumalemba y = 2x − 7; palibe chifukwa chosiyira y = 2x + −7.

Funso lomweli limabwera litavala malaya osiyanasiyana. Akanena kuti mzere wadutsa pa (0, 4), akupatsani kale c = 4, kungoti sanatchule dzina lake. Akanena kuti wadutsa pa origin, poyinti (0, 0) pamene x-axis ndi y-axis zimakumana, c ndi 0, ndipo equation imangokhala y = mx. Gradient ikakhala 1 timalemba y = x + 4, ikakhala −1 timalemba y = −x + 4; nambala 1 ija sitiionetsa koma ilipo.

Cholakwika chofala n'kusinthanitsa manambalawo, makamaka funso likayamba kutchula intercept: munthu amalemba y = 5x + 3 m'malo mwa y = 3x + 5. Gradient ndi imene imagwirana ndi x. Intercept imaima payokha. Enanso amaiwala x n'kulemba y = 3 + 5, ndipo imeneyo si equation ya mzere umene wafunsidwa.

Gradient ndimaipeza bwanji pa galafu yojambulidwa kale?

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa malikisi ambiri amatayikira pomwepa.

Sankhani mapoyinti awiri a pamzerewo amene agwera bwino pamphambano ya timabokosi, kuti musachite kuyerekeza. Akhale otalikirana, mapoyinti oyandikana kwambiri amakulitsa kulakwitsa kwa diso. Kenako gawani kusintha kwa y ndi kusintha kwa x:

m = (y₂ − y₁) ÷ (x₂ − x₁)

Mapoyinti akakhala (1, 2) ndi (4, 11), y wasintha ndi 11 − 2 = 9, x wasintha ndi 4 − 1 = 3, ndipo m = 9 ÷ 3 = 3. Y amakhala pamwamba, x pansi. Mukatembenuza mupeza 1/3, ndipo mzere wa gradient 1/3 ndi wogona kwambiri poyerekeza ndi umene uli patsogolo panu. Diso lenilenilo likuuzani kuti china chake chalakwika.

Musawerenge timabokosi ngati kuti kalikonse ndi 1. Onani sikelo ya axis iliyonse payokha. Tiyerekeze kuti pa x-axis masentimita 2 akuimira 1, pomwe pa y-axis masentimita 2 akuimira 10. Mzere ukayenda mabokosi aakulu atatu chakumanja n'kukwera mabokosi aakulu atatu, umaoneka ngati gradient yake ndi 1. Koma y wasintha ndi 30 pamene x wasintha ndi 3, choncho gradient ndi 10. Pepala limanamiza, manambala a m'mbali ndi amene amanena zoona.

Msampha wina uli pa intercept. Magalafu ena, makamaka a sayansi, sayambira x pa 0. Ngati kumanzere kwenikweni kwa galafu kwalembedwa 10, pamene mzere wagunda m'mphepetemo si c ayi, ndi y wa pamene x ali 10. Zikatere c muipeze mwa masamu: tengani poyinti imodzi ndi gradient, muike mu y = mx + c.

Minasi amandisokoneza nthawi zonse. Pali njira yopewera?

Ilipo, ndipo yoyamba n'kuyang'ana mzere musanawerengere chilichonse. Uwerengeni kuchokera kumanzere kupita kumanja, monga mumawerengera kalata. Ukamakwera ngati chitunda, gradient ilibe minasi. Ukamatsika ngati mtsetse, gradient ili ndi minasi. Lembani chizindikiro chimene mukuyembekezera m'mbali mwa pepala, kuti yankho likabwera ndi china mudziwe msanga.

Yachiwiri n'kutsekera nambala iliyonse ya minasi m'mabulaketi. Tengani (−2, 7) ndi (3, −3). Pamwamba: (−3) − 7 = −10. Pansi: 3 − (−2) = 5. Gradient ndi −10 ÷ 5 = −2. Amene salemba mabulaketi amapeza 3 − 2 = 1 pansipo, gradient n'kusanduka −10, ndipo zonse zotsatira zimagwa nazo.

Yachitatu: mukayamba ndi poyinti yachiwiri pamwamba, yambaninso ndi yachiwiri pansi. Zilibe kanthu kuti mwasankha iti kukhala yoyamba. Kuyambira pa (−2, 7) kumapereka 10 ÷ (−5), yomwe ndi −2 yemweyo. Vuto limabwera mukasakaniza, pamwamba kuyambira kuno, pansi kuyambira uko. Nambala imatuluka yolondola koma chizindikiro chimatembenuka, ndipo cholakwika chotere n'chovuta kuchiona chifukwa yankho limaoneka labwinobwino.

Dziwaninso kuti minasi wa m ndi minasi wa c sagwirizana pa chilichonse. Mzere y = 2x − 7 ukukwera ngakhale wadula y-axis pansi pa 0. Mzere y = −2x + 3 ukutsika ngakhale wadula pamwamba.

Nanga gradient ikakhala fulakishoni?

Musaiope, chifukwa fulakishoni ndi imene imaonetsa bwino tanthauzo la gradient. Gradient ya 2/3 ikunena kuti mukayenda masitepe 3 chakumanja, mukwera 2. Ndi y-intercept ya −4, equation ndi y = (2/3)x − 4.

Isiyeni ili fulakishoni. Mukaisandutsa 0.67 mwasintha mzerewo: pamene x ndi 30, (2/3)x amapereka 20 ndendende pomwe 0.67x amapereka 20.1. Mafulakishoni amene amathera bwino, monga 1/2 kapena 3/4, mutha kuwalemba 0.5 ndi 0.75 popanda vuto.

Funso likafuna kuti yankho likhale mu maonekedwe a ax + by + c = 0, chulukitsani chigawo chilichonse ndi nambala ya pansi. Kuchokera pa y = (2/3)x − 4, kuchulukitsa ndi 3 kumapereka 3y = 2x − 12, kenako 2x − 3y − 12 = 0. Ambiri amachulukitsa y ndi fulakishoni yokha, 4 uja n'kumusiya, n'kulemba 3y = 2x − 4. Umenewo ndi mzere wina, wodula y-axis pa −4/3. Onaninso kuti c wa mu ax + by + c = 0 si y-intercept; chilembo n'chomwecho koma ntchito yake ndi ina.

Pa gradient ngati −3/4, minasi ndi mmodzi. Mutha kumuika pamwamba kapena pansi, osati konsekonse.

Andipatsa x-intercept m'malo mwa y-intercept. Ndingoika pa c?

Ayi. X-intercept ndi pamene mzere wadula x-axis, ndipo pamenepo ndi y amene ali 0. Ngati gradient ndi 2 ndipo x-intercept ndi 5, poyinti imene mwapatsidwa ndi (5, 0). Ikani mu y = 2x + c: 0 = 2(5) + c, choncho c = −10, ndipo equation ndi y = 2x − 10. Wolemba y = 2x + 5 wayankha funso limene silinafunsidwe.

Nthawi zina amapereka ma intercept onse awiri popanda gradient, monga x-intercept 4 ndi y-intercept 6. Mapoyinti ndi (4, 0) ndi (0, 6). Gradient ndi (0 − 6) ÷ (4 − 0) = −3/2, ndipo c mwapatsidwa kale: y = −(3/2)x + 6. Pali njira yachidule yabwino kuidziwa: x/4 + y/6 = 1. Mukachulukitsa ndi 12 mupeza 3x + 2y = 12, womwe ndi mzere womwewo.

Ndili ndi gradient ndi poyinti imodzi, koma poyintiyo siili pa y-axis.

Ndiye kuti c muyenera kumusaka nokha. Gradient 4, poyinti (3, 5). Lembani y = 4x + c. Poyintiyo ili pamzere, choncho x = 3 ndi y = 5 ziyenera kukwanira mu equation: 5 = 4(3) + c, 5 = 12 + c, c = −7. Yankho ndi y = 4x − 7.

Musaime pa c = −7. Funso likufuna equation, ndipo woonetsa c yekha sanamalize.

Aphunzitsi ena amakonda y − y₁ = m(x − x₁). Imapereka zomwezo: y − 5 = 4(x − 3), y − 5 = 4x − 12, y = 4x − 7. Ife timaona kuti njira yoyamba ndi yotetezeka kwa munthu amene minasi amamuvuta, chifukwa yachiwiriyi imafuna kutsegula mabulaketi, ndipo poyinti ikakhala ndi minasi, monga (−3, 5), x − (−3) amayenera kusanduka x + 3. Sankhani imodzi muizolowere mpaka dzanja lizilemba lokha.

Nanga akangopereka mapoyinti awiri?

Ndi masamu awiri a pamwambawa atalumikizidwa. Pezani m, kenako c. Pa (−2, 7) ndi (3, −3) tapeza kale m = −2. Ikani poyinti yoyamba: 7 = −2(−2) + c, 7 = 4 + c, c = 3. Equation ndi y = −2x + 3. Poyinti yachiwiri, imene simunaigwiritse ntchito popeza c, ndi mboni yanu: −2(3) + 3 = −3. Zagwirizana.

Equation yalembedwa mwanjira ina, monga 3x + 4y = 12. Gradient ndi 3?

Si 3. Mutha kuwerenga m ndi c pokhapokha y ataima yekha kumanzere, wopanda nambala ina iliyonse patsogolo pake. Chotsani 3x mbali zonse: 4y = −3x + 12. Gawani chigawo chilichonse ndi 4: y = −(3/4)x + 3. Gradient ndi −3/4, y-intercept ndi 3.

Chimodzimodzi 2y = 6x + 8: gradient si 6, ndi 3, ndipo intercept ndi 4. Pa 5 − y = 2x, y ali ndi minasi; mukasamutsa bwino mupeza y = −2x + 5. Ndipo pa y = 7 − 3x palibe chofunika kusamutsa, koma musatengeke ndi nambala imene yayamba. Imene yagwirana ndi x ndi −3, ndiye gradient. 7 ndi intercept.

Mzere wogona ndi mzere woimirira, equation zake zimakhala zotani?

Mzere wogona sukwera, sutsika. Gradient yake ndi 0, choncho mx amazimirira n'kutsala y = c. Wodutsa pa (0, 4) ndi y = 4.

Mzere woimirira sulowa mu y = mx + c n'komwe. Mapoyinti ake onse ali ndi x mmodzi, choncho pansi pa fulakishoni ya gradient pamabwera 0, ndipo kugawa ndi 0 sikutheka. Gradient yake timati ndi undefined, osati 0. Equation yake ndi x = nambala imeneyo: wodutsa pa (3, 1) ndi (3, 8) ndi x = 3. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti x-axis yeniyeniyo equation yake ndi y = 0, ndipo y-axis ndi x = 0.

Ndili ndi equation. Ndiujambule bwanji mzerewo mwachangu?

Ikani kadontho pa (0, c). Kuchokera pamenepo yendani monga gradient ikunenera. Pa y = (2/3)x − 4, yambani pa (0, −4), pitani 3 chakumanja ndi 2 m'mwamba, mufika pa (3, −2). Bwerezani, mufika pa (6, 0). Gradient ikakhala nambala yathunthu, monga −2, iwerengeni ngati −2/1: sitepe imodzi chakumanja, awiri pansi.

Mapoyinti awiri amakwana kujambula mzere, koma ikani atatu. Awiri aliwonse amalumikizika ndi rula ngakhale imodzi ili yolakwika. Yachitatu ndi imene imaulula. Pensulo ikhale yosongoka, chifukwa mzere wonenepa umaphimba kabokosi kathunthu ka mamilimita 2, ndipo mukamawerenga intercept simudziwa kuti mutenge m'mphepete muti.

Mizere ya parallel ndi ya perpendicular ikulowa bwanji pamenepa?

Imangokhala njira ina yokupatsirani gradient mobisa. Mizere ya parallel, yoyenda limodzi osakumana, ili ndi gradient yofanana, imasiyana c. Mzere wa parallel ndi y = 2x + 1 wodutsa pa (0, −3) ndi y = 2x − 3.

Mizere ya perpendicular, yokumana pa ngodya ya madigiri 90, ma gradient ake mukawachulukitsa amapereka −1. Pochita, tembenuzani fulakishoni ndipo sinthani chizindikiro: 2 amasanduka −1/2, 2/3 amasanduka −3/2. Ziwiri zonsezi zichitike. Kutembenuza kokha kapena kusintha chizindikiro kokha sikukwana. Mzere wa perpendicular ndi y = 2x + 1 wodutsa pa (4, 1): 1 = −(1/2)(4) + c, c = 3, ndipo y = −(1/2)x + 3. Ngati mzere umene mwapatsidwa walembedwa ngati 3x + 4y = 12, yambani mwaukonza kaye musanatenge gradient yake. Komanso musadabwe mizere ya perpendicular ikaoneka yopendekeka pa galafu imene ma axis ake ali ndi sikelo yosiyana. Ngodya imaoneka bwino pokhapokha sikelo ili imodzi.

Kunja kwa kalasi zimenezi zimagwira ntchito pati?

Paliponse pamene chinthu chili ndi poyambira ndipo chikusintha mofanana nthawi zonse.

Chitsanzo chodziwika ndi cha kutentha. Madzi amaundana pa 0 °C, yomwe ndi 32 °F, ndipo amawira pa 100 °C, yomwe ndi 212 °F. Mapoyinti ndi (0, 32) ndi (100, 212). Gradient ndi 180 ÷ 100 = 1.8, intercept ndi 32, choncho F = 1.8C + 32. Kutentha kwa thupi la munthu kwa 37 °C kumapereka 66.6 + 32 = 98.6 °F, nambala imene mumaiona pa ma thermometer ochokera ku America.

Amisiri okumba ngalande za mapaipi a madzi oipa amagwira ntchito ndi gradient tsiku lililonse, ngakhale saitchula choncho. Pa paipi ya mamilimita 110, kutsetsereka kozolowereka ndi 1 pa 40, kutanthauza kuti paipi itsike masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Ngati pochokera m'nyumba ngalande ndi yakuya masentimita 45 ndipo nthaka ndi yosalala, kuya kwake pa mamita x ndi d = 2.5x + 45. Pa mamita 12, pofika pa septic tank, d = 30 + 45 = masentimita 75. Mmisiri amene sanawerengere zimenezi amadzazindikira mochedwa kuti khomo la thanki lili pamwamba kuposa paipi, ndipo paipi yogona kwambiri imachedwetsa madzi, zinyalala n'kumatsalira mpaka kutseka. Onani mayunitsi apa: x ali m'mamita, d m'masentimita, ndipo 2.5 ndi masentimita pa mita. Mukafuna zonse m'mamita, equation ndi d = 0.025x + 0.45. Kusakaniza 0.025 ndi 45 kumapereka ngalande yosatsika n'komwe.

Potsetsereka podutsa njinga za anthu olumala, mulingo wodziwika m'mayiko ambiri ndi wakuti pasapitirire 1 pa 12. Khonde lokwera masentimita 50 limafuna mamita 6 a malo pansi. Chikwangwani cha pamsewu cholembedwa 10% chikunena gradient ya 0.1: kukwera mamita 10 pa mamita 100 aliwonse oyezedwa chogona. Ngodya yake ndi pafupifupi madigiri 5.7 okha, chifukwa gradient ndi tan ya ngodya imene mzere wapanga ndi x-axis. Gradient ya 100% si khoma loimirira, ndi madigiri 45.

Pa malonda, c nthawi zambiri ndi ndalama imene mumalipira ngakhale simunatenge kanthu, ndipo m ndi mtengo wa chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti wosindikiza matisheti akufuna K15,000 yokonzera chithunzi ndi K4,000 pa tisheti iliyonse: mtengo = 4,000n + 15,000. Matisheti 20 ndi K95,000.

Kodi chilichonse chosintha chingalembedwe ngati y = mx + c?

Ayi, ndipo kudziwa malire amenewa n'kofunika. Thanki ya malita 5,000 imene pampu ikuchotsamo malita 250 pa ola imatsata V = −250t + 5,000, ndipo imauma pamene V ndi 0, pa maola 20. Koma mukangotsegula mpopi wa pansi pa thankiyo, madzi amatuluka mwamphamvu ikakhala yodzaza, n'kumafooka akamatsika. Kuthamanga kwake sikofanana, choncho galafu yake imapindika, ndipo mzere wowongoka ungakunamizeni za nthawi imene madzi athere. Msewu wokwera ku Chiweta nawonso ulibe gradient imodzi; pena pamakwera kwambiri, pena pamapumira.

Ngakhale pamene mzere ukugwira ntchito, uli ndi polekezera. Pa thanki ija, t = 25 amapereka V = −1,250, ndipo madzi a minasi kulibe. Equation ija ili ndi tanthauzo kuyambira t = 0 mpaka t = 20 basi.

Poyesa ngati tebulo la manambala ndi la mzere wowongoka, onani ngati y akusintha mofanana x akamasintha mofanana. Manambala 3, 5, 7, 9 ndi a mzere. Manambala 1, 4, 9, 16 si a mzere.

Mu practical ya physics mapoyinti anga sakugwera pamzere umodzi. Ndatani?

Mwina simunalakwe kanthu. Zoyeza ndi manja sizigwera ndendende. Tengani chitsanzo cha sipulingi imene mukupachikako zolemera n'kumayeza utali wake. Jambulani mzere umodzi wowongoka wodutsa pakati pa mapoyintiwo, ena akhale pamwamba ena pansi mofanana. Rula yoonekera mkati ndi yabwino pa ntchitoyi. Musalumikize kadontho ndi kadontho, ndipo musakakamize mzere kudutsa pa origin ngati mapoyinti sakuloza kumeneko: pa galafu ya utali wa sipulingi, intercept ndi utali wake isanapachikidwe kanthu, ndipo sungakhale 0. Pa galafu ya kutamuka kokha, mzere umayenera kuyandikira origin.

Popeza gradient, tengani mapoyinti awiri a pamzere umene mwajambula, osati a mu tebulo, ndipo triangle imene mujambule pakati pa mapoyintiwo poyeza kusintha kwa x ndi y ikhale yaikulu, yoposa theka la mzerewo. Lembaninso mayunitsi a gradient, monga masentimita pa newton. Poyinti imodzi ikathawira kutali ndi zinzake, yezaninso ngati nthawi ilipo. Mapoyinti omaliza akayamba kupatuka onse mbali imodzi, n'kutheka kuti sipulingi yatamuka kupyola malire ake, ndipo mzere uyenera kutsata oyambirira aja.

Pa intaneti ndikupeza y = mx + b ndi mawu akuti slope. Ndi mutu wina?

Ndi womwewo. Mabuku ndi mavidiyo a ku America amalemba b pamene ife timalemba c, ndipo amati slope pamene masukulu a ku Malawi, Zambia ndi Britain amati gradient. Mu statistics mupezanso y = a + bx, pamene b ndiye gradient; apanso yang'anani chimene chagwirana ndi x. Njira yonseyi yolemba mizere ndi zilembo inakhazikika ndi ntchito ya René Descartes wa ku France, imene inasindikizidwa mu 1637, ndipo dzina loti Cartesian plane, la galafu ya x-axis ndi y-axis, linachokera kwa iye. Pa mayeso lembani monga mwaphunzirira m'kalasi.

Ndingatsimikize bwanji yankho langa ndisanapereke pepala?

Bwezerani zimene mwapatsidwa mu equation yanu. Ikani x = 0 muone ngati y akupereka intercept ya m'funso. Ngati munapatsidwa poyinti, ikani x wake muone ngati y wake akutuluka. Pa 2x − 3y − 12 = 0, poyinti (6, 0) imapereka 12 − 0 − 12 = 0, ndipo (0, −4) imapereka 0 + 12 − 12 = 0; zonse zakwanira. Yesani zomwezo pa 3y = 2x − 4 yolakwika ija: x = 0 amapereka y = −4/3, osati −4, ndipo mwagwira cholakwikacho musanataye malikisi.

Poyesa gwiritsani ntchito manambala a m'funso lenilenilo, osati amene munakopera pa pepala lanu, chifukwa ngati munakopera (3, −3) ngati (3, 3), samu yonse igwirizana yokha koma ikhala ya mzere wina. Kenako jambulani kachithunzi kakang'ono m'mbali, kopanda rula, kongoonetsa mbali imene mzere wapendekera ndi pamene wadula y-axis, mufananize ndi zizindikiro za m ndi c zimene mwapeza. Siyani masitepe onse pa pepala, kuyambira y = mx + c, kuika manambala, mpaka equation yomaliza, ndipo onaninso ngati funso linafuna yankho mu maonekedwe a y = mx + c kapena a ax + by + c = 0.